Kupeza diski pa kompyuta ndi kusintha Windows popanda kutaya zolemba

Si nyumba iliyonse ku Nkondezi, ku Zóbuè kapena m'midzi ina ya m'mphepete mwa msewu wa N7, wochokera ku Tete kudzera pa Moatize kukafika pa chipata cha malire ndi Mwanza, imene ili ndi kompyuta. Koma pamene ilipo, imodzi yokhayo imasenza katundu wa anthu ambiri. Ya mlembi wa bungwe la alimi imasunga maina a amene anatenga feteleza ndi mbewu pangongole, makilogalamu a nandolo kapena fodya amene aliyense anapereka, ndi zithunzi za mapepala a DUAT. Ya mphunzitsi imasunga malikisi a ana. Ya mnyamata wa pamsika wosindikiza makalata ndi kuika nyimbo m'makadi a foni imasunga makope a BI ndi NUIT a anthu amene iye mwini anawaiwala kalekale.

Zonsezi zimakhala pa diski. Masiku amene zolemba zoterezi zimatayika kawirikawiri ndi awiri: tsiku limene mwini wayatsa kompyuta n'kupeza kuti diski sikuoneka, ndi tsiku limene wauzidwa kuti Windows yake yakalamba, iyenera kusinthidwa. Nthawi zambiri chimene chimapha zolembazo si vuto loyambalo ai, koma mankhwala ofulumira amene anthu amathamangira, ndiwo kufomata. Munthu wodziwa pamene diski yake ili, ndi zimene zili m'menemo, angathe kusintha Windows osataya ngakhale fayilo imodzi.

Diski ndi chiyani

Diski ndi nkhokwe ya kompyuta. Zimene mwasunga m'menemo zimakhalabe ngakhale magetsi atazima. Imasiyana ndi RAM, imene ili ngati lichero: pamakhala zokhazo zimene mukugwirapo ntchito panthawiyo, ndipo mukazimitsa makina lichero limakutulidwa. Ogulitsa ena amasokoneza ziwirizi mwadala kapena mosadziwa. Akati kompyuta ili ndi 4 GB kapena 8 GB, akunena RAM. Akati 256 GB, 500 GB kapena 1 TB, akunena diski.

Madiski ali a mitundu iwiri. Wakale ndi hard drive, amene pa Chipwitikizi amati disco rígido kapena disco duro. M'kati mwake muli timbale tozungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi imodzi, ndi kadzanja kowerenga koyenda pamwamba pa timbaleto osatikhudza. Kampani ya IBM ndiyo inayamba kugulitsa diski yotereyi mu 1956, ndipo inali yaikulu ngati kabati koma yosunga zilembo 5 miliyoni zokha, malo amene lero angadzadzidwe ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni. Poti muli zoyenda, hard drive imaopa kugwedezeka. Laputopu yoyaka siyenera kukwera njinga yamoto pamsewu wa miyala. Izimitseni kotheratu, osangopinda chivundikiro. Mtundu watsopano ndi SSD, umene ulibe choyenda chilichonse, umathamanga kwambiri ndipo umapirira zigwedezo, koma ukafa nthawi zambiri umafa osachenjeza.

Windows imapatsa diski iliyonse chilembo. Yaikulu, imene muli Windows yomwe, ndi C: chifukwa A: ndi B: zinasungidwira timadiski takale ta floppy timene sitionekanso masiku ano. Kuona C: ndi D: sikutanthauza kuti muli madiski awiri. Kawirikawiri ndi diski imodzi yogawidwa zipinda ziwiri, zimene amisiri amati partition kapena partição. Mfundoyi ndi yofunika, pakuti anthu ambiri amakopera zolemba zawo kuchoka pa C: kupita pa D: n'kumaganiza kuti azisunga kwina. Diskiyo ikafa, zipinda zonse ziwiri zimapita limodzi.

Musadabwe diski ya 500 GB ikaoneka ngati 465 GB, kapena ya 1 TB ngati 931 GB. Sanakubereni. Opanga amawerenga m'magulu a 1000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1024.

Makina olankhula zilankhulo zitatu

Kuno kumalire kuli vuto limene mabuku ambiri a zakompyuta satchula. Laputopu yogulidwa ku Blantyre kapena yobwera ndi m'bale wochokera ku Johannesburg imalankhula Chingerezi. Yogulidwa ku Tete imalankhula Chipwitikizi, ndipo Chipwitikizicho chili pawiri, cha ku Portugal ndi cha ku Brasil. Chithunzi choyamba chimene mumaona kompyuta ikayaka, chimene pa Chingerezi ndi desktop, pa cha ku Portugal ndi Ambiente de Trabalho, pa cha ku Brasil ndi Área de Trabalho. Malo oonetsa madiski ndi This PC, Este PC kapena Este Computador, ndipo pa Windows 7 anali Computer kapena Computador. Munthu wothandiza mnzake pa foni angathe kumuuza dzina limene pa sikirini ya mnzakeyo palibe, onse n'kukwiyirana chabe.

Chothetsa mkanganowu ndi mabatani a pa kiyibodi, amene amagwira ntchito mofanana m'zilankhulo zonse. Batani lofunika ndi la Windows, lokhala ndi chizindikiro cha zenera, m'munsi kumanzere pakati pa Ctrl ndi Alt. Mukaligwira n'kudina E, patseguka malo a mafayilo. Mukaligwira n'kudina R, patuluka kabokosi kolembamo lamulo lalifupi. Mukaligwira n'kudina I, patseguka Settings, amene ndi Definições kapena Configurações.

Kupeza diski ndi kuiika pa desktop

Gwirani batani la Windows ndi E. Kumanzere kwa zenera limene latseguka funani This PC kapena Este PC, dinani pamenepo. Madiski onse amene Windows ikuwaona aoneka, iliyonse ndi chilembo chake ndi kamzere kosonyeza malo odzadza ndi otsala. Kamzereko kakafiira, malo otsala achepa kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo kompyuta yotero imachedwa komanso imalephera kulandira update.

Windows 10 ndi Windows 11 zikangoikidwa kumene siziika chizindikiro cha madiski pa desktop. Pamakhala kabini ka zinyalala kokha, ndipo anthu amene anazolowera Windows XP kapena Windows 7 yokonzedwa ndi mmisiri amaganiza kuti china chake chasowa. Kuti chibwere, dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu pa desktop, sankhani Personalize kapena Personalizar, kenako Themes kapena Temas. Patsambalo pali mzere wonena za zizindikiro za pa desktop, Desktop icon settings, pa Chipwitikizi mawu ake muli ícones. Chongani kabokosi ka Computer kapena Computador, dinani OK. Ngati mukufuna diski imodzi yokha, monga D:, igwireni ndi mausi kuchokera mu Este PC n'kuikokera pa desktop. Chimene chikhale pamenepo ndi chilozero chabe, shortcut kapena atalho, chodziwika ndi kamuvi kakang'ono pakona. Kuchifufuta sikufufuta diski, ndipo kuchikopera mu fulashi sikukopera zolemba. Anthu angapo afikapo kutali ndi fulashi yokhala ndi kamuvi kokha.

Dziwaninso kuti desktop yeniyeniyo ndi foda ya pa C:, pamodzi ndi Documents, Downloads ndi Pictures, amene ndi Documentos, Transferências ndi Imagens. Chilichonse chimene mwayala pa desktop chili pa C:, ndipo C: ndiye amene amafufutidwa Windows ikamaikidwa mwatsopano.

Makompyuta a Apple ndi osowa kuno, koma amene ali nayo atsegule Finder, alowe mu Settings za Finder yomweyo, pa General achonge Hard disks ndi External disks. Diski yaikulu imatchedwa Macintosh HD ndipo ilibe chilembo.

Diski ikapanda kuoneka mu Este PC

Apa ndi pofunika kudekha. Gwirani batani la Windows ndi R, lembani diskmgmt.msc, dinani Enter. Patseguka Disk Management, Gestão de Discos kapena Gerenciamento de Disco. Kumunsi kwa zeneralo kuli mizere yopingasa, Disk 0, Disk 1 ndi ina, uliwonse woimira diski yeniyeni imene ili m'makina kapena yolumikizidwa ndi chingwe. Zipinda zake zimaoneka ngati mabokosi otsatizana. Ngati C: ndi D: zili pamzere umodzi, diski ndi imodzi.

Chimene mupeze pamenepo chingakhale chimodzi mwa izi. Chosavuta kwambiri ndi chipinda chokhala ndi mzere wobiriwira ngati thambo pamwamba, cholembedwa NTFS, exFAT kapena FAT32, koma chopanda chilembo. Zolemba zonse zilipo, Windows yangosowa dzina lochiitanira. Dinani batani lakumanja pa chipindacho, sankhani Change Drive Letter and Paths, pa Chipwitikizi mawu oyamba ndi Alterar letra, kenako perekani chilembo chimene sichinagwiritsidwe ntchito. Diski iyamba kuoneka nthawi yomweyo. Pali tizipinda tina tating'ono topanda chilembo, ta pafupifupi 100 MB kapena 500 MB, tolembedwa EFI kapena Recovery. Timeneto ndi ta Windows yokha, ndito timene timaidzutsa m'mawa. Musatipatse chilembo ndipo musatifufute.

Chachiwiri ndi chipinda cha mzere wakuda cholembedwa Unallocated, Não atribuído kapena Não alocado. Pa diski yatsopano yochokera m'sitolo zimenezi n'zabwinobwino, ndipo mungapange chipinda chatsopano pamenepo. Koma ngati diskiyo inali ndi zolemba dzulo, musapange chilichonse. Chimodzimodzi ikalembedwa RAW, kapena Windows ikatulutsa uthenga wokupemphani kuti muifomate musanaigwiritse ntchito. Yankho ndi Cancel, Cancelar. Nthawi zambiri chimene chawonongeka ndi kaundula wa diski, pamene mafayilo akadali m'malo awo, ndipo mmisiri wokhala ndi mapulogalamu obwezera, monga TestDisk ndi PhotoRec amene ndi aulere, angathe kuwatulutsa. Chilichonse chatsopano cholembedwa pa diskiyo chimakwirira zakale ndi kuchepetsa mwayiwo.

Chachitatu, diski sikuoneka ngakhale mu Disk Management. Ngati ndi yakunja, yesani chingwe china, khomo lina la USB ndi kompyuta ina. Pa kompyuta ya pa tebulo makomo a kumbuyo ndiwo odalirika kuposa a kutsogolo. Ngati ndi yam'kati, mwina chingwe chake chamasuka ndi zigwedezo kapena fumbi, limene ku Moatize silisowa. Koma hard drive ikayamba kulira kuti gwa, gwa, gwa mobwerezabwereza, zimitsani pompo. Mwina kadzanja kowerenga kakukanda timbale, ndipo mphindi iliyonse imene ikuyaka ingadye zolemba zanu.

Fulashi yooneka ngati yakutulidwa

Fulashi kapena khadi la foni likayenda m'makompyuta a pamsika, limabwerako nthawi zina ndi matenda odziwika: mafoda onse asanduka ma atalho, kapena sakuoneka, komabe Este PC ikusonyeza kuti malo ndi odzadza. Imeneyo ndi vairasi yobisa mafayilo. Musatsegule ma atalho amenewo, pakuti ndimo imalowera m'kompyuta. Yambani mwasesa fulashiyo ndi antivairasi. Windows 10 ndi 11 zili ndi yawoyawo, Microsoft Defender, yosafuna malipiro. Kenako gwirani Windows ndi R, lembani cmd, ndipo pa zenera lakuda lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ngati fulashi yanu ndi E:. Ngati chilembo chake ndi china, ikani chimenecho, ndipo onetsetsani kuti si C:. Mafoda obisika abwerera.

Palinso mafulashi achinyengo, olembedwa 64 GB kapena 128 GB koma m'kati ali aang'ono kwambiri. Amalandira mafayilo mosadandaula, koma akale amawonongeka atsopano akamalowa. Fulashi yotsika mtengo modabwitsa siyoyenera kusungira kaundula wa ngongole za bungwe.

Chifukwa chake Windows imafuna update

Windows ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene amisiri a ku Tete amangoti sistema. Monga khoma la nkhokwe, imakhala ndi ming'alu imene imapezeka pang'onopang'ono, ndipo akuba a pa intaneti amaifunafuna. Kampani ya Microsoft imatulutsa zomata ming'aluyo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Zimenezo ndizo update, atualização pa Chipwitikizi.

Chimene chimachitika anthu akazinyalanyaza chinaoneka pa 12 Meyi 2017, pamene vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150, kutseka mafayilo a anthu ndi kufuna dipo. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala. Chomata mng'alu umene vairasiyo inadzera chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Makompyuta amene anagwidwa ndi amene sanachilandire.

Wina angati, kompyuta yanga siilowa pa intaneti, ndiopenji? Ngati siilandiranso fulashi ya munthu aliyense, chiopsezo n'chochepadi. Koma kompyuta yotero kuno n'njosowa.

Kuti mudziwe Windows imene muli nayo, gwirani Windows ndi R, lembani winver. Windows XP inasiya kulandira update pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Windows 10, imene inatuluka mu Julayi 2015 ndipo ndi imene ili m'malaputopu ambiri a kaunjika, inafika mapeto ake pa 14 Okutobala 2025. Kufika mapeto sikutanthauza kuti kompyuta isiya kuyaka. Word ndi Excel zitsegukabe, pulinta isindikizabe. Chasiya ndi kumata ming'alu, ndipo m'kupita kwa nthawi mapulogalamu ena amaisiyanso, monga momwe Google Chrome inasiyira Windows 7 kumayambiriro kwa 2023.

Njira za mwini Windows 10

Njira yowongoka ndi kukwera pa Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021 ndipo siilipiritsa kwa amene Windows 10 yake ndi yovomerezeka. Vuto n'lakuti imasankha makina. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, diski yosachepera 64 GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Lembani tpm.msc m'kabokosi kaja kuti muone ngati kalipo. Pa makina ena kalipo koma n'kozimitsidwa, ndipo mmisiri angakayatse mu BIOS. Imafunanso purosesa yatsopanoko. Pa za Intel, nthawi zambiri ndi m'badwo wachi 8 kupita m'tsogolo, ndipo m'badwowo umaoneka kumayambiriro kwa nambala ya pambuyo pa kamzere: i5-8250U ndi wachi 8, i5-6200U ndi wachi 6, i5-4300U ndi wachi 4. Amene akufuna kugula laputopu ya kaunjika akakolola ayang'ane nambala imeneyi asanatulutse ndalama, pakuti mawu akuti i5 kapena i7 paokha sanena msinkhu wa makina. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imayankha funso lonse nthawi imodzi.

Amisiri ena amadziwa kukakamiza Windows 11 kulowa m'makina osayenera. Imayenda ndithu, koma Microsoft inanena poyera kuti siilonjeza update kwa makina otero.

Njira yachiwiri ndi yongogula nthawi. Microsoft inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa ESU, yopatsa anthu wamba update za chitetezo pa Windows 10 mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imafuna kuti Windows 10 yanu ikhale ya mtundu womaliza, 22H2, umene winver imasonyeza, komanso akaunti ya Microsoft. Mtengo umene unalengezedwa ndi madola 30 a ku America, koma amene wavomera kusunga makonzedwe a kompyuta yake pa akauntiyo salipira.

Njira yachitatu ndi kusiya Windows n'kuika Linux, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino m'makina akale. Mitundu yosavuta kwa oyamba ndi Linux Mint ndi Ubuntu. Ubuntu 24.04 LTS inatuluka mu Epulo 2024 ndipo ilandira update zaka zisanu. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale maonekedwe a tsamba amasuntha pang'ono nthawi zina. Linux ingayesedwe kuchokera mu fulashi osakhudza diski, ndipo ndi bwino kutero kuti muone ngati pulinta ndi Wi-Fi zikugwirizana nayo. Kumeneko madiski alibe zilembo za C: ndi D:, amaoneka ndi maina kapena kukula kwawo. Kwa mlembi wa bungwe amene ntchito yake ndi makalata ndi matebulo a ziwerengero, njirayi ndi yanzeru kuposa kukhala pa Windows 7. Kwa amene amadalira pulogalamu yoyenda pa Windows yokha, siithandiza.

Zokonzekera: kope, malo, mamega ndi magetsi

Choyamba ndi kope. Koperani Desktop, Documentos, Transferências, Imagens ndi zonse za pa D: kupita mu fulashi yodalirika kapena diski yakunja. Mukatha, itseguleni pa kompyuta ina muone ngati mafayilo akutseguka. Mafayilo ochepa ofunika kwambiri, monga kaundula wa ngongole, atumizeninso ku imelo yanu, ndipo kusindikiza kope la papepala si manyazi. Pochotsa fulashi yambani mwaiuza Windows kudzera pa Eject kapena Ejetar.

Chachiwiri ndi malo pa C:. Lembani cleanmgr m'kabokosi kaja kuti Windows ichotse zinyalala zake. Mafilimu ndi nyimbo zisamutsireni kwina. Update yaikulu imafuna malo omasuka okwana magigabayiti ambiri, ndipo kukhala ndi 20 GB kapena kuposa kumapewetsa mavuto.

Chachitatu ndi mamega. Ambiri kuno amalowa pa intaneti kudzera pa hotspot ya foni, ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ena pafupi ndi malire amagwiritsanso ntchito Airtel kapena TNM. Windows siidziwa kuti mamegawo ndi ogula, imangomwa. Update ya pamwezi ingatenge mamega mazana angapo mpaka kupitirira 1 GB, pamene Windows 11 yonse imaposa 5 GB. Kuti isamwe mosapempha, lowani m'makonzedwe a Wi-Fi ya foni yanuyo pa kompyuta n'kuyatsa Metered connection, imene ndi Ligação com tráfego limitado kapena Conexão limitada. Mukatero update zambiri zimadikira mpaka mutazilola, ngakhale zina zofunika kwambiri zingalowebe. Tsiku limene mwagula mtolo waukulu, kapena mwafika pa Wi-Fi ku Moatize kapena ku Tete, gwirani Windows ndi R, lembani ms-settings:windowsupdate, dinani Check for updates kapena Procurar atualizações. Kompyuta imene yakhala miyezi yambiri osalandira kanthu imafuna kubwereza kangapo, kuzimitsa ndi kuyatsanso, mpaka itanena kuti yakwana.

Kumene kuli makompyuta angapo, monga pasukulu, n'kosafunika kuti aliyense agule 5 GB yakeyake. Pa tsamba la Microsoft pali pulogalamu yopangira fulashi yoikira Windows. Imafuna fulashi ya 8 GB kapena kuposa ndipo imafufuta zonse zimene zinalimo. Fulashi imodziyo ingatumikire makina onse. Koma apa pali msampha wa kumalire: chilankhulo cha fulashi chiyenera kufanana ndi cha Windows imene ili m'makina. Mukabweretsa fulashi ya Chingerezi ku kompyuta ya Chipwitikizi, kapena ya Chipwitikizi cha ku Brasil ku ya cha ku Portugal, mwayi wosunga mapulogalamu anu umatsekeka. Tsegulani fulashiyo Windows ili chiyakire, dinani setup, ndipo werengani bwino tsamba lofunsa zimene zisungidwe. Ngati silikulola kusunga mafayilo ndi mapulogalamu pamodzi, bwererani m'mbuyo.

Chachinayi ndi magetsi. Pamene sikirini yalemba kuti musazimitse kompyuta, Windows ikusintha mafayilo ake enieni, ndipo kuzima kwa magetsi panthawiyo kungaisiye yosayaka. Laputopu ikhale yodzadza batire ndi yolumikizidwa. Ya batire yakufa, kapena kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS, isayambe ntchitoyi madzulo a mvula ya mabingu, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Amene amadalira sola ayambe m'mawa dzuwa likukwera, osati usiku batire itatopa. Onani ngati mu mita ya Credelec muli mayunitsi okwanira. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ikani laputopu pa thabwa kapena pa tebulo, osati pa bedi, kuti mpweya uzilowa pansi. Pa hard drive yakale nambala ya pa sikirini ingaime pamalo amodzi ola lathunthu. Ngati kanyali ka diski kakuphethira, ntchito ikuyenda, isiyeni.

Ikatha, ndi ikalakwika

Mukakwera kuchoka pa Windows 10 kupita pa 11, pa C: pamatsala foda yotchedwa Windows.old, yosunga Windows yakale. Kwa masiku 10 mungabwerere kudzera mu Settings, pa Recovery kapena Recuperação. Choncho m'masiku amenewo yesani pulinta, sikana, mawu ndi mapulogalamu onse a ntchito yanu, ndipo musafufute fodayo pofuna malo. Nthawi zina pambuyo pa update chilembo cha D: chimasowa. Bwererani ku diskmgmt.msc mukachibweze monga tafotokozera.

Makompyuta ambiri atsopano amakhoma diski ndi loko wotchedwa BitLocker, kawirikawiri mwini osadziwa. Kiyi yake ndi manambala 48 ndipo nthawi zambiri imasungidwa pa akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito potsegula makinawo koyamba. Kompyuta ikafunsa kiyiyo pambuyo posintha china mu BIOS, kapena diski ikasamutsidwira m'makina ena, palibe mmisiri amene angatsegule popanda manambalawo. Ngati amene anakukonzerani kompyuta anaika akaunti yake, mufunseni kiyiyo tsopano. Ilembeni m'buku la bungwe.

Potengera kompyuta kwa mmisiri, mawu akuti "ndiikireni Windows yatsopano" ambiri amawamva ngati chilolezo chofomata. Nenani momveka kuti muli zolemba zofunika, muonetseni mafoda ake, ndipo funsani ngati afufuta C: yokha kapena diski yonse. Poika Windows mwatsopano pamatuluka mndandanda wa zipinda zonse za diski, zopanda zilembo zimene munazolowera, zongodziwika ndi nambala ndi kukula kwake. Musanachoke kunyumba lembani papepala kukula kwa C: ndi kwa D: monga Este PC ikusonyezera, kuti pa mndandandawo inu ndi mmisiri mudziwe chipinda chimene sichiyenera kukhudzidwa.